Mkamwini Pansi pa Lanirova

Pulagi inazungulira mopepuka ngati yatopa n'kukana, kenaka inagwera m'dzanja la a Symon Nthala pamodzi ndi tizitsulo tonyezimira. Oyilo watsopano anayamba kutsika. A Symon sanaganize kawiri. Anatseka bowo la giyabokosi ndi chala chachikulu, n'kukhala chomwecho chagada pansi pa Lanirova yawo.

Linali Lamulungu masana ku Chaneng, m'dziko la Joni, m'chaka cha 1997. Galimotoyo anaigula atapuma ntchito ya kumgodi, ndipo sankalola munthu wina kuikhudza. Atabwera kutchalitchi anakhetsa oyilo wakale n'kuthira watsopano. Poona kadontho pa pulagi ya kunsi, anasomeka paipi yaitali ku sipanala, n'kukoka monga ankakokera mabawuti a pansi pa nthaka. Mazinga a bowolo anali a chitsulo chofewa, ndipo anathera pomwepo. Masitolo a ku Rustenburg anali otseka, ndipo popanda oyilo galimotoyo sikanafika ngakhale kugalaja.

"Mayi a Betty," anaitana motsitsa mawu. "Tabweretsani poto woyera."

Akazi awo, a Clara, anatuluka akupukuta m'manja. Asanaone amuna awo, anaona beseni lodzaza oyilo wakuda bii pafupi ndi tayala.

"Kodi ili si beseni langa lochapira zoyera za kumvano?"

"Za beseni tikamba. Poto."

"Mapoto onse ali pamoto. Mwaiwala kuti kukubwera alendo?"

A Symon sanaiwale. Kunena zoona, analowa dala pansi pa galimoto tsiku limenelo. Mwana wawo Betty anali atapeza mnyamata, dzina lake Elisha, mmodzi wa anyamata amene anakhamukira ku Joni zipata zitatseguka. Kumudzi nkhani yotere ndi ya amalume, koma amalume a Betty anali kutali ku Ntcheu, choncho inagwera a Symon. Iwo anafuna kuti alendo awapeze ali otanganidwa, atuluke pang'onopang'ono, akane, n'kubwerera ku ntchito yawo. Za kutuluka zija tsopano zinavuta.

"Odi kuno," anatero mawu pageti.

Anali a Lyson, nkhoswe ya Elisha, mkulu wa ku Bapong amene kale ankatsika shafuti imodzi ya mgodi ndi a Symon. Anaima atavula chipewa, akuyang'ana nsapato ziwiri zotulukira kunsi kwa galimoto.

"Tipereke moni kwa mapazi, kapena mutu ukubwera?"

"Khalani pansi, a Lyson. Ndikumva bwinobwino kuno."

A Clara anaika mpando pafupi ndi nsapatozo. A Lyson anakhala, nakhosomola, n'kuyamba mwaulemu wonse.

"Kwathu tili ndi tambala. Tamva kuti pakhomo pano pali msoti."

"Tambala wanuyo alibe khola," anayankha mawu ochokera pansi. "Lero ali kwa kontilakita uyu, mawa kwa uyo. Ife tinabwera ndi nambala ya kumgodi, tinatsika pansi, tinakalambira pamenepo. Awa obwera dzulowa akudziwa chiyani?"

Akulankhula choncho, oyilo anapeza njira m'mbali mwa chala. Anayenda pamkono, napitirira pachigongono, n'kukafika kunkhwapa. Mkono unayamba dzanzi. Choipa kwambiri, tiyi amene a Symon anamwa pochokera kutchalitchi anayamba kupempha njira.

A Lyson anawerama n'kusuzumira. Anayang'ana kwa nthawi, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"A Symon, mwagwidwa ndi galimoto yanu yomwe?"

"Mazinga anali akale. Angotha okha."

"Ndi mmene zimakhalira zinthu zakale," anatero a Lyson.

"Tangolowani mugwire pang'ono. Ndikufuna ndipite kuseri."

"Msana uwu munauona nokha mmene unapindikira. Ndikalowa pamenepo mudzanditulutsa ndi chingwe."

"Ine manja anga ali mu nkhuku," anatero a Clara asanafunsidwe.

A Lyson anaika chipewa pabondo. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe, achimwene. Kuseri kwa mpandaku kwaima zala khumi zopanda chochita."

A Symon analimba mtima mpaka pamene mtima unaleka kuthandiza.

"Muitaneni."

Elisha analowa akuyenda ngati wopita kukhoti. Anali wamtali, woonda, atavala suti yotuwa ndi malaya oyera. Anagwada pafupi ndi nsapato zija n'kuyamba moni wautali, koma a Symon anamudula.

"Moni uperekera konkuno. Lowa."

Elisha anavula jekete, nakwawa chagada mpaka phewa lake linagunda la a Symon.

"Ndikati tsopano, ulowetse chala. Usachotse zivute zitani. Tsopano."

Zala zinasinthana, koma oyilo sanadikire. Analavulira pachifuwa cha malaya oyera aja. A Symon anatuluka, napereka moni kwa a Lyson ndi mutu wokha, n'kuzungulira nyumba mofulumira kuposa mmene anthu anawaonerapo.

Pobwerera anali munthu wina, wodekha, atanyamula mpeni ndi tsache la mpini wautali.

"Beseni latha, tsopano tsache," anatero a Clara. "Mawa muchotsa chitseko."

A Symon anadula kachidutswa ka mpiniwo, nakhala pa njerwa, n'kuyamba kusema chotsekera. Sanafulumire. Anasema, nayeza ndi diso, nasemanso. Anafunsa a Lyson za mvula ya kumudzi, za anzawo amene anamwalira, za mapiritsi a msana. Pawindo la kukhitchini katani inkagwedezeka. Betty ankasuzumira, akuluma chala.

"Mwana wa eniyo apuwala mkono," ananong'ona a Clara.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Symon, akupala kamtengoko.

Pomaliza anakakulunga ndi mpira wa chubu chakale, natenga hamala, n'kulowanso pansi. Anapeza mkono wa Elisha ukunjenjemera. Nyerere zofiira zinali zitakwera m'khosi mwake, ndipo iye ankangoziuzira ndi pakamwa. Chala chinali pamalo pake.

A Symon anaonanso china. Paipi ija, imene anaisiya poonekera itasomekedwa ku sipanala, inali itakankhidwira kuseri kwa tayala, kumene maso a a Lyson sakanafika. Anayang'ana paipiyo, nayang'ana mnyamatayo. Elisha ankayang'ana giyabokosi ngati munthu wowerenga nyimbo.

"Za magalimoto umazidziwa?" anafunsa chapansipansi.

"Ayi, bambo. Ndimangokwera."

"Nanga paipiyo?"

"Inkandibaya m'nthiti, bambo."

"Hmm. Nyererezi bwanji sunazisase?"

"Dzanja linalo ndi limene likuchirikiza mkonowu. Munati ndisachotse."

"Nanga Betty akanabwera n'kunena kuti chotsa?"

Elisha anaganiza kaye. "Pamenepo ndikanachotsa, bambo."

A Symon anatulutsa mpweya m'mphuno, chinthu chimene kwa iwo chinali kuseka. Anakumbukira kuti kumgodi munthu sankamudziwira pa zolankhula za mu kompaundi, koma pamene denga layamba kulira ndipo wauzidwa kuti agwire mzati.

"Chotsa tsopano."

Anasomeka kamtengo kaja n'kukhoma. Kukhoma koyamba kunaphonya, oyilo n'kuwathira onse awiri kumaso. Kwachiwiri kanalowa. Anadikira, mitu ili pamodzi. Kadontho kamodzi kanatulukira, kanalendewera, n'kuima pomwepo.

"Kafika kugalaja mawa," anatero a Symon. "Akaseme mazinga ena."

Anatuluka wina pambuyo pa mnzake, onse akuwala ngati zitumbuwa. A Lyson anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinabwera ndi tambala woyera. Kwawo ndikanena kuti chiyani?"

A Clara anapatsa amuna awiriwo sopo ndi ndowa, nawatumiza kumpopi. Malaya a Elisha sanali ovalikanso. A Clara analowa kuchipinda osafunsa munthu, natuluka ndi malaya abuluu a amuna awo, amene ankavalidwa pa Khrisimasi ndi pa maukwati pokha.

Patebulo Elisha anakhala kumapeto, kolala ikumufika m'makutu, manja a malaya atapindidwa kawiri. Betty anabweretsa mbale maso ali pansi, koma pakamwa pakumuvuta kutseka. A Symon anawazindikira malaya awo. Anatsegula pakamwa, nayang'ana akazi awo, n'kutsekanso. Anapemphera pemphero lalifupi, ndipo anthu anayamba kudya.

A Lyson anadikira mpaka mafupa a nkhuku ataunjikana m'mbale.

"Nanga mawu athu aja, achimwene? Tibwerere nawo ku Bapong?"

A Symon anatafuna pang'onopang'ono. Sanayang'ane a Lyson. Analoza Elisha ndi fupa la mwendo.

"Iwe, malaya amenewo ndinagula ku Limbe. Usawathire msuzi."

"Inde, bambo. Ndiwachapa, ndibweza mawa."

"Ndani wakuuza za mawa? Udzabweze tsiku la chinkhoswe."

A Lyson anatambasula dzanja mwakachetechete n'kudzitengera nthuli ina.