Mafuta a Mapewa

Munthu woyamba kunditchula bambo anali mayi wina amene paipi yake inaphulika. Ndimagwira ntchito yoyankha mafoni kukampani ya madzi, ndipo pantchito imeneyi mawu ndiwo khasu langa. Anthu amaimba atalusa, ine n'kuwaziziritsa mtima. Abwana ankakonda kunena kuti mawu anga akhoza kugoneka mwana wanjala.

"Moni bambo, kuno madzi akungotayika mumsewu."

"Ndine mayi," ndinatero.

"Pepani mayi, ndiye chimfine chakugwirani zedi."

Ndinaseka. Sabata imeneyo anthu atatu ananditchula bambo. Sabata yotsatira ndinasiya kuseka, chifukwa chimfine ndinalibe, chifuwa ndinalibe. Mawu ankangotsika okha tsiku ndi tsiku.

Mayi anga anayamba chomwecho. Mawu atasasa ankati ndi fumbi, mawa lake ankati ndi madzi ozizira. Pomwe tinkapita nawo kuchipatala n'kuti khansa itagwira kale pakhosi ponse. Ndinawamwetsa madzi ndi supuni miyezi isanu ndi itatu, ndipo mawu awo omaliza anachita kundilembera papepala. Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ine pomwe mawu anga ankatsika n'kuti nditatsala chaka chimodzi kuti ndikwanitse makumi asanu. Sindinafune munthu wondimasulira. Ndinadziwa kuti matenda a mayi anga andipeza.

Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi nthawi imene anasankha kubwera, chifukwa amuna anga anali atangodzuka kumene.

Amuna anga ndi openta nyumba. Anzawo amawatchula kuti a Bulashi, ndipo ine ndimawatchula choncho ndikakwiya kapena ndikakondwa kwambiri. Kwa zaka ziwiri munthuyu anali ngati foni yakufa batire. Akafika pakhomo ankagwera pampando nsapato zili kuphazi, tulo pomwepo. Ukawafunsa kanthu kakang'ono ankakuyankha ngati wawaponda chala. Zakuchipinda ndiye musafunse, tinkagona ngati munthu ndi mlongo wake. Ndinawaganizirapo za mkazi wina, ndinapisa m'matumba mwawo, koma ndinkangopezamo zidutswa za sandipepa. Pamapeto pake ndinadzifunsa ndekha kuti ndi mkazi uti angalimbirane munthu wogona chakudya chili m'kamwa.

Kenako, popanda chifukwa chimene ine ndinkachidziwa, anayamba kusintha. Anayambiranso kuimba mluzu posamba. Anapenta khitchini yathu imene anakhala akuilonjeza kuyambira mwana wathu wamkazi ali kusekondale, pomwe tsopano anali pabanja pake, ali ndi pakati. Tsiku lina ananditsina m'nthiti ndikutsuka mbale, mpaka kapu inandipulumuka. Ndinangoti Mulungu wamva, osafunsa zambiri.

M'mawa wina ndinawapeza kubafa atapindika, akudzipaka mafuta m'mapewa. Botolo lake linali loyera, lochita kudina pamwamba, ndipo pepala lake linali litamatulidwa.

"Amenewo ndi a chiyani?"

"A mapewa. Bulashi yandimaliza, mayi."

"Ndiye mkazi munakwatiriranji? Bweretsani kuno."

"Ayi, siyani, ndipaka ndekha."

Amene amandidziwa akuuzani kuti mawu oti siyani sindiwamva. Ndinawalanda botolo lija, n'kuwakhazika pamphepete pa bafa. Mafutawo anali amadzimadzi, ozizira, onunkha ngati sipiliti. Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito yanga m'mawa uliwonse. Ndinkadina kawiri, n'kusisita mapewa onse mpaka m'mikono, iwo ali phee, maso atatsinzina. Pomaliza ankati, "Musambe m'manja," ine n'kuvomera ndi pakamwa pokha. Ndinaleredwa kuti chinthu sachitaya. Otsala m'manja ndinkadzipaka m'mikono, ndipo popeza khosi limandiwawa ndi kukhala pampando tsiku lonse, iwo akatuluka ndinkadinako kamodzi ka ine mwini. Mankhwala amene anadzutsa munthu wotheratu uja akanalephera bwanji kakhosi kanga?

Mphindi zimenezo zinali zokoma kuposa tsiku lonse. Sindichita manyazi kunena.

Patatha miyezi ingapo m'pamene mawu anayamba kutsika. Kenako kunabwera ziphuphu ngati za mtsikana wotha msinkhu, ndi tindevu touma pachibwano timene ndinkazula m'chimbudzi cha kuofesi. Zimenezo sindinaziwerengere, ndinkati matenda akalowa thupi limasokonekera paliponse. Amuna anga akafunsa za mawu ndinkati ndi mphepo ya makina oziziritsa ya kuntchito. Sindinafune kuwabwezera pampando paja.

Ndinayamba kukonzekera mwakachetechete. Ndinalongedza makalata a nyumba mu envelopu imodzi n'kulemba pamwamba. Ndinawaphunzitsa kuchapa makatani ngati nthabwala. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro ndinadzitsekera m'chipinda chosungiramo mafaelo n'kujambula mawu anga pafoni, kulankhula ndi mdzukulu amene anali asanabadwe, kuti adzamve kuti agogo ake ankalankhula. Nditamvetsera ndinamva mawu a munthu wamwamuna akulira.

Zinaululika pa mapewa pomwepo. Ndikusisita m'mawa wina, misozi inagwera pamsana pawo.

"Mayi, n'chiyani?"

"Matenda a amayi andipeza. Mukuwamva mawuwa."

Anavala malaya, anaimbira mwini nyumba imene ankapenta kuti sabwera, n'kundigwira dzanja mpaka kuchipatala.

Dokotala wa zapakhosi anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira kachingwe. Anandilowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno, ine nditagwiritsa mpando.

"Chotupa palibe," anatero. "Koma minofu ya mawuyi yanenepa."

Anandigwira chibwano n'kuchitembenuzira kuwindo, ndipo ndinachita manyazi chifukwa tindevu tiwiri ndinali nditatiphonya. Ananditumiza kukayezetsa magazi ndi kukajambulitsa m'mimba, akuti tibwerenso pakatha sabata. Mawu oti chotupa palibe sanandikhazike mtima pansi. Ndinangoti ndiye kuti chabisala kwina.

Tsiku lobwerera, amuna anga anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko atafungatira chikwama changa.

"M'magazi mwanu mwachuluka tesitositeroni," adokotala anatero. "Ndi homoni imene imakhala yambiri mwa amuna. Ndiyo imakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu. Akazi ali nayo pang'ono, koma yanuyi yapyola. Ndinkaopa kuti pali chotupa m'mimba chimene chikuipanga, koma zithunzi zonse zili bwino. Ndiye ikuchokera kunja. Pali mankhwala amene mukumwa?"

"Palibe."

"Azitsamba? Ogula pamsika?"

"Ayi."

"Odzola?"

"Anga anthawi zonse. Kupatula otsala a mapewa a bambowa, amene ndimawapaka m'mawa."

Chikwama changa chinagwa pansi, makiyi ndi chipeso mbwee. Adokotala anavula magalasi n'kuyang'ana amuna anga. Munthu amene amayenda pamakwerero a nyumba zosanja osanjenjemera anali thukuta kamukamu.

"Bambo, mafuta amenewo anakupatsani ndani?"

"Adokotala ena," anayankha akuyang'ana nsapato zawo. "Anandiyeza magazi kawiri. Akuti yanga ija, imene mwatchulayo, inatsika kwambiri. N'chifukwa chake ndinkangofooka. Ndiye anandilembera mafutawo."

"Sanakuuzeni kuti mkazi kapena mwana asawakhudze? Kuti mukapaka muzisamba m'manja ndi sopo, n'kuvala malaya akauma?"

"Anandiuza."

"Nanga pepala la m'bokosi?"

"Ndinataya pamodzi ndi la pabotolo."

Ine mutu unali usanagwire bwinobwino. Ndinafunsa funso limodzi lokha limene ndinabwera nalo.

"Adokotala, ndiye kuti sindikufa?"

"Ndi izi ayi, mayi. Mwakhala mukulandira mankhwala a amuna anu."

Sindidziwa kuti phwete linachokera kuti. Ndinaseka ndi mawu anga a besi aja mpaka namwino anasuzumira pakhomo. Ndinaseka envelopu ija, makatani aja, uthenga wa mdzukulu uja. Misozi inkatsika, ndipo chimwala chimene ndinachisenza pachifuwa miyezi yonseyo chinachoka. Ndinamva njala koyamba patapita masabata ambiri.

Mpumulo utakhazikika, mkwiyo unafika.

"A Bulashi, ine ndimakonza maliro anga, inu mukudziwa chimene chili m'botolo?"

"Za mawuzo sindinaganize kuti n'zimenezo. Inu munkati ndi mphepo ya kuofesi. Ndinkati mukasamba m'manja basi zatha."

"Tsiku lija adokotala anandigwira chibwano, simunaone?"

"Ndinayamba kukayika. Sabata yonseyi ndakhala ndikufuna kunena."

"Ndiye chinakutsekani pakamwa n'chiyani?"

"Ndikanati chiyani, mayi? Kuti mphamvu za mwamuna wanu zili m'botolo?"

"Manyazi anapha lambe, bambo inu! Zaka zonsezi mukundiona ngati ndinakwatiwa ndi magazi anu?"

Anatola chipeso changa pansi n'kumachitembenuza m'manja.

"Si manyazi okha," anatero motsitsa. "Zaka ziwiri zija munasiya kundikhudza. Sindikukudzudzulani, ndinali munthu wosakhudzika. Ndiye tsiku lija manja anu anabwerera pamapewa panga. Ndinaopa kuti ndikanena zoona achokanso."

Ndinali nditakonza mawu ambiri, ndipo ndine munthu woti mawu sandisowa. Ndinafuna kuwamenya ndi chikwama chija, ndinafunanso kuwakumbatira, ndiye ndinangowalanda chipesocho.

Adokotala sanatisiye tonse. Kwa ine anati safunsa anadya phula, mankhwala opanda pepala sadzola ngakhale akhale a mwamuna wako. Ndinaulula za kudina kwanga kwamseri kuja, amuna anga n'kutukula mutu.

"Ndiye chifukwa chake botolo limatha msanga! Ine kumakangana ndi a kufamase kuti akundipatsa losadzaza."

Kwa iwo adokotala anati asasiye mankhwala paokha, chifukwa matenda awo ndi enieni ndipo chithandizocho chikugwira ntchito. Abwerere kwa dokotala wawo, akanene zonse, mwina akawasinthire ku jakisoni. Amuna anga amaopa jakisoni kuposa njoka, ndipo kunena zoona nkhope imene anaonetsa inandilipira theka la mavuto anga.

"Ziphuphu zitha," adokotala anandiuza. "Ndevu zichepa pang'onopang'ono. Koma mawu sindingalonjeze. Akhoza kukwerako pang'ono, akhoza kukhala pomwe afikapo."

Potuluka ndinafufuta uthenga wa mdzukulu uja tisanafike n'komwe pageti.

Papita miyezi inayi tsopano. Jakisoni amakabayitsa ine nditawaperekeza, ndipo ndimakhala pafupi kuti ndione bwino. Magazi amawayeza nthawi ndi nthawi, dokotala wawo ndimamudziwa, ndipo pepala lililonse la m'bokosi ndimaliwerenga mokweza mpaka kumapeto. Ziphuphu zinatha. Mawu anakwerako pang'ono n'kuima. Pafoni ena amanditchulabe bambo, ndipo ndaona kuti akatero sachedwa kukhulupirira zoti amisiri akubweradi.

Chimene chinandivuta ndi amuna anga. Botolo litachoka m'nyumba, anayamba kundiyenda kutali ngati khoma la penti yosauma. Ankatuluka kubafa malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi. Ndikalankhula ankagwetsa nkhope, ndipo mluzu uja unasiya. Ndinaona kuti akubwerera pampando paja, ulendo uno osati chifukwa cha magazi.

Loweruka lina ndinagula mafuta wamba odzola, a pepala lake loonekera bwino. M'mawa mwake ndinawadikirira pakhomo pa bafa.

"Vulani malayawo."

"Mapewa sawawa, mayi. Sanawawepo n'kale lomwe."

"Ndikudziwa. Khalani pansi."

Anakhala pamphepete pa bafa, koma sanatembenuke. Maso awo anali pakhosi panga.

"Ndinakuwonongerani mawu," anatero. "Mawu aja anali okoma. Ndikakumvani mukuyankhula, mtima umandiwawa."

"Mawu a mayi anga anathera papepala," ndinawauza. "Angawa akumveka mpaka kuseri kwa mpanda. Mdzukulu wathu adzawamva ndili pomwepo, ndipo inu ndikukalipirani nawo zaka makumi atatu zikubwerazi. Tembenukani, mafuta akuuma m'manja."