Nkhalamba Yopanda Mwana ya pa Intaneti

Kodi mukuganiza kuti mlendo woyamba amene webusayiti ya Darlington inabweretsa ku Ruda, m'chigwa cha Honde ku Zimbabwe, anali ndani?

Munali mu 2008, m'mashopu mulibe kanthu. Darlington anali mlembi wa kalabu ya alimi a nthochi. Ankakwera lole kupita ku Mutare kukakonza webusayiti ya kalabuyo mu kafe ya intaneti, magetsi akayaka. Anaikapo zithunzi za mikoko ya nthochi ndi mapiri a Honde, koma palibe anaitsegula.

"Shamwari, ndani angafufuze nthochi?" anaseka Marcel, mwini kafeyo. "Anthu akunja akalemba Zimbabwe amawonjezera njala. Apatse zimene akufunazo."

Darlington anali ndi chithunzi cha bambo ake, a Ezekieli Namakhwa, chimene anawajambula iwo osadziwa, akuthyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana, malaya ong'ambika. Anachiika pamwamba penipeni. Pansi pake analemba dzina lawo ndi mawu achingerezi akuti nkhalamba yanjala, yopanda mwana kapena m'bale. Anthu anayamba kuitsegula webusayitiyo. Kunyumba sananene chilichonse.

Loweruka lina masana, Darlington akumata tayala la njinga pabwalo, panafika mwamuna wonyamula chikwama chachikulu.

"Odi! Pano ndi pa a Namakhwa?"

Chinyanja chake chinalibe Chishona ngakhale pang'ono. M'manja anagwira pepala la chithunzi chija. Darlington anasiya tayala n'kuimirira msanga.

"Ndi pano, koma tiyeni tikakambirane kumsewu."

"Inu ndinu ndani wawo?"

"Ndine neba chabe. Ndimawathandiza."

"Mulungu akudalitseni, achimwene. Anthu otere ndi osowa."

"Neba?" A Ezekieli anali ataima pakhomo, akumanga mabatani a jekete poti anamva odi. "Iwe Darlington, wasanduka neba liti?"

Mlendoyo anagwada n'kuwapatsa pepalalo ndi manja awiri. Bambowo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analipereka kwa mwana wawo.

"Werenga, mwanangu. Chizungu ndinakuphunzitsira zimenezi."

Darlington anamasulira chonong'ona.

"Kweza mawu, neba. Makutu anga akalamba."

Anabwereza mokweza, mpaka amayi ena amene ankadutsa ndi ndowa anaima kumvetsera.

"Yanjala, chabwino, tonse tili nayo," anatero a Ezekieli. "Malayanso ndi angadi, ngakhale ukanandiuza ndikanavala tayi. Koma yopanda mwana? Nanga amene ndinamubereka kumsana kupita naye kuchipatala usiku wamvula uja anali wa yani?"

"Baba, ndimafuna kuti anthu aone nthochi zathu."

"Zili kuti nthochizo papepalapa?"

Darlington anangoyang'ana tayala lija.

"Pepani, bambo," anatero mlendoyo, akuyang'ana uku ndi uku. "Ine ndakhala ndikufufuza dzina lanu pa intaneti osapeza kanthu. Nditawonjezera mawu oti tiyi ndi Zimbabwe, munatulukira. Nditawawerengera anthu kumudzi kwathu mawuwo, analira ngati pamaliro. Anandituma kuti ndidzakutengeni, musafere nokha kwa eni."

A Ezekieli anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye mudzi wonse ukudziwa kuti ndikufera kuno wopanda mbewu."

Darlington anapita kukatenga mpando wa mlendo. Mlendoyo anali Lefani, mwana wa mkulu wawo wa a Ezekieli, wochokera ku Mulanje, kumene bambowo anachoka ali mnyamata.