Kathabwa Kogawa Mawu

Atatsegula kumbuyo kwa sipika ya bambo ake, Mayi Waya anachita kutseka mphuno. Makoswe anali atamangamo mudzi. Kathabwa kogawa mawu, komwe kamatumiza besi kusipika yaikulu ndi mawu opyapyala kulipenga la pamwamba, kanali konyowa ndi mkodzo, zitosi za mphemvu zili mbwee. Mafuta a m'makapasita, tizitini tosunga mphamvu ya magetsi, anali atadonthera pamakoyilo a waya wa kopa. Zinamunyansa kwabasi, komabe anakamasula mosamala n'kukayanika pakhonde.

Sipikayo bambo ake anachoka nayo kuholo ya kanema komwe anathera unyamata wawo wonse. Tsopano makutu awo ankatha, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: aimvenso ikuimba asanagontheretu. Lipenga la mtundu umenewo palibenso amene amapanga.

Mayi Waya anangothamangira kushopu kwake kukatenga makapasita ena. Pobwera anapeza pabalaza mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, woimbitsa nyimbo m'maphwando, munthu amene pakamwa sanalepherepo kanthu. Anali ataima manja m'chiuno. Anati chonunkha chija wachiponya pamoto wa kudzala, poti m'nyumba ya okalamba simusungidwa nyansi, ndipo mawaya walumikiza mwachindunji ngati mmene amachitira anthu amakono.

"Alamu, mwalumikiza lipenga popanda chogawa mawu?"

"Zachikale zimenezo, alamu. Tamverani nokha."

Mayi Waya asanafike pasoketi, mkulu uja anali atayatsa kale. Besi inagunda, lipenga linalira kamodzi ngati mbuzi yotsamwa, kenako zii. Kafungo ka waya wopserera kanadzaza m'nyumba. Sipika yaikulu yokha ndiyo inatsala ikung'ung'udza pansipansi.

Bambo anasendeza mpando wawo, n'kutchera khutu lawo labwinoko kulipengalo. Ankamwetulira, akudikira.

"Mwana wanga, mwayatsa kale? Takwezani pang'ono, woimbayo sindikumumva."

Mlamuyo anapotoza kabatani mpaka kumapeto, uku akugwedeza mutu ngati munthu womva kukoma. Anawauza mokuwa, wopanda ndi manyazi omwe, kuti sipika ikumveka bwino zedi, vuto ndi makutu awo basi.

Bambo anavomera ndi mutu. Anabweza mpando wawo pang'onopang'ono, n'kupepesa kuti avutitsa anthu pachabe.