Bere la Kesari

Kutatsala masiku awiri kuti tipite ku msika wa ng'ombe, alamu anga a Bhikha anandilanda ndowa. Akuti Kesari asakamidwenso, bere litupe, ogula akaone ngati ndi ng'ombe ya mkaka wosaneneka. Mwana wake anamumanga kadengu kukamwa kuti asayamwe.

Ine ndine mkazi wa malemu mng'ono wawo. Chikwatiwireni sindinawayankhepo alamuwo, ngakhale nkhope yanga sakuidziwa, paja pamaso pawo timafunda nsalu mpaka pachibwano. Koma Kesari ndinabwera naye ndine kuchokera kwathu, ali kamwana kokana chingwe.

Pofika pamsika anali akuyenda chotangadza, mkaka ukudontha m'fumbi. Nditagwira bere, linali gwa, lotentha ngati chiwaya cha chapati. Mtima unandiwawa. Bere likatero limachita mafinya nkufa, ndipo ng'ombe ya bere lakufa amangoitaya kumsewu izikadya mapepala, paja kwathu kuno ng'ombe sitipha.

"Taonani bere ili, abale," ankatero a Bhikha. "Mudzi wonse ungamwe tiyi."

Basi ine ndinabwereka ndowa kwa mayi wogulitsa chambiko, ndinamasula kadengu kaja, nkukhala pansi.

"Mlamu, mukutani? Chokanipo apo."

"Sindichoka, alamu. Likanakhala lanu bereli, mukanagona nalo masiku awiri?"

Anthu anafa nacho chiseko. Mwamuna wina anati, "A Bhikha, ayankheni." Ine ndinakama mawere atatu, lachinayi ndinasiyira mwana monga mwa masiku onse. Mumtima ndinkati, lifote ndithu, aliyense alinyoze, tibwerere naye kunyumba.

Linafotadi, linangoti lende ngati kathumba kopanda kanthu. Ogula achinyamata anayamba kuchoka, ine nkumaseka ndekha m'kati mwa nsalu.

Kenaka panafika bambo wina wachikulire wa nduwira yofiira, a Karsan, woweta wa kutsidya kwa mtsinje. Anagwada, nafinya bere lija pang'onopang'ono.

"Ndazungulira msika wonse," anatero. "Onse atupitsa, sungadziwe kuti mkaka ndi uti, mnofu ndi uti. Bere labwino ndi ili, lofota likakamidwa. Ndaitenga, pamodzi ndi mwana wake."

Ndiye kuti ndamugulitsa ndine, ndi manja angawa. Ndinalira, sindibisa. A Bhikha anayamba kumwetulira, natambasula dzanja kuti atenge chingwe.

Sindinawapatse. Ndinachipereka ndekha kwa a Karsan.

"Bambo, lakumbuyo kumanzereli ndi la mwana, musamalikame. Ndipo ndikadzamva kuti wagona osakamidwa, mtsinjewo ndidzawoloka."

"Ndamva, mwana wanga," anatero.

A Bhikha anati tikakambirana kunyumba. Ndinawauza kuti akonzekere, chifukwa kuyankha ndayamba lero.