Nsanamira Zochokera pa Chilumba

Zakeyu akachita mantha amaseka. Anaseka tsiku limene lole ya esiteti inawatsitsa ku Mkanda, iye ndi mkazi wake Rozi, atachoka kwawo ku Phalombe kudzalima fodya wa utenanti. Anasekanso pamene mwana wawo wamkazi Madalo anakomoka ndi malungo. Rozi akamva chikhakhali cha mwamuna wake ankayamba kuunguza komwe tsoka likuchokera.

M'mawa umenewo chikhakhalicho chinamveka kuchigafa choyanikamo fodya. Rozi anasiya mbale zosatsuka n'kupita. Anapeza Ivy, mayi wa m'mudzi wa tsidya amene ankawagulitsa matimati, akusisita nsanamira yatsopano.

"Izi mwadula kuti, bambo a Madalo?" anafunsa Ivy.

"Upolisi mwayamba liti, amayi? Matimati sakuyenda malonda?"

"Ndati mwadula kuti."

Rozi ankadziwa. Kumunsi kwa esiteti mtsinje umagawikana pawiri, ndipo pakati pamatsala kachilumba kothithikana ndi mitengo. Zakeyu anawolokerako Loweruka, kapitawo atamuuza kuti chigafa chikagwa fodya n'kuola, ndi zake zimenezo. Pa esiteti mitengo inatha kalekale. Pachilumba anapeza mitengo ikuluikulu yopachikidwa ming'oma ya njuchi, naisiya poganiza kuti ili ndi eni. Anadula ing'onoing'ono yowongoka, yopanda chizindikiro chilichonse.

"Chilumba chija n'cha mudzi wonse," anatero Ivy. "Sitithyolapo ngakhale mswachi. Mwana akabadwa, mchombo ukagwa, timakaukwirira komweko n'kubzalapo mtengo. Ikuluikulu ija eni ake ali ndi ndevu. Inu mwasankha ya makanda."

"Ndiye tibzala ina. Mtengo ndi mtengo."

"Mukawauze zimenezo a Vitus. Khanda lawo silikuyamwa chiyambire dzulo, thupi lili moto. Apongozi awo awolokera pachilumba kutacha, apeza mtengo wa khandalo watsala chitsa."

Rozi anasendera kwa Ivy. "Koma asisi, si malungo amenewo? Nyengo yake ino."

"Ine ndanena zomwezo, andifunsa ngati ndine dokotala. Anyamata akusonkhana pabwalo la mpira. Ndipo amuna anuwa mitengo anachita kukoka pansi. Mkukuluzi wake ngakhale wakhungu autsata mpaka pano." Ivy anatsitsa mawu, maso ali pa Madalo amene ankakwawa pakhonde akutafuna chitsononkho. "Ena akuti mwana wa wodulayo akakhale pachitsa paja mpaka wa a Vitus achire."

Anasenza beseni lake. "Ine sindinabwere kuno. Ndimadutsa ndi matimati."

Atapita, Rozi anayang'ana chigafa. Nsanamirazo zinali zikudonthabe utomoni, ndipo pamwamba pake fodya wa chaka chonse anali lendelende.

"Pitani mukagwade kwa a Vitus asanabwere okha," anatero.

"Ndipite ndekha pakati pa zikwanje? Umasiye mukuufuna, mayi a Madalo?"

"Kauzeni akapitawo."

"Aja adzati sanandiuze kodula."

Tsidya kunamveka mawu a mayi, aatali, okwera. Rozi anathamangira pakhonde n'kunyamula mwana. Anaima osapuma, akudikira kuti amayi ena alandire maliro. Panalibe wolandira. Mayiyo anakuwanso, ndipo Rozi anamva bwino kuti akuthamangitsa mbuzi m'dimba. Komabe anakumbatira mwana mwamphamvu, moti Madalo anayamba kulira chifukwa chofinyidwa.

Matenanti anzawo, amene masiku onse nthawi imeneyo amasoka fodya pansi pa mango, anali atalowa m'nyumba zawo. Nkhani inali itawafika. Mkazi wa khomo loyandikana anatuluka, naanula zovala zake zosauma pa chingwe chimene ankagawana ndi Rozi, n'kubwerera osapereka moni.

"Tiyeni tichoke," anatero Rozi.

"Tisiye fodya? Tikachoka lero, mawa m'nyumba muno mulowa wina, fodya n'kukhala wake. Tikafika ku Phalombe ndi chiyani, thukuta? Khanda lija lichira. Makanda amadwala n'kuchira."

"Likapanda kuchira?"

Zakeyu anatola singano yosokera fodya n'kumaitembenuza m'manja.

Rozi analowa m'nyumba. Anakhuthulira pansi nyemba zimene zinali m'chikwama cha pulasitiki, naikamo zitenje ziwiri, madiresi a Madalo, buku la kusikelo ndi poto wamng'ono. Bulangeti analisiya pamkeka. Anabereka mwana n'kumanga mfundo ziwiri.

"Ine ndi Madalo tikukakwera kabaza kumsewu, tidzera m'chimanga," anatero ali pakhomo. "Tikakhala kwa achemwali ku Kamwendo. Inu tsalani ndi fodya wanu."

Anakoka zipi ya chikwama mpaka kumapeto.