Puloteni Yotsala Pakhomo

Kwawo ankamutcha Dokotala wa Ntchentche, ndipo dzinalo silinali lonama. Zaka zonse zimene anzake ankakwatiwa ndi kubereka, iye anali mu labotale mumzinda, akuweta tintchentche m'mabotolo, kufufuza mapuloteni amene amagwira pa ulusi wa DNA kuti atsegule kapena kutseka malangizo a thupi. Lachisanu limeneli anatsika basi ndi kachikwama kakang'ono, ka munthu wodzagona tsiku limodzi.

Anali atalonjeza kubwera ndi sutikesi. Iye ndi Mkulu anali mapasa. Mkulu ndiye anayamba kutuluka m'mimba, ndiyenso anatsala pakhomo chigwereni amayi awo ndi matenda ofa ziwalo. Tsopano Mkulu anali atapeza malo kusukulu ya uzamba, mwayi wotsiriza, poti chaka chamawa msinkhu wolowera ukhala utamupitirira. Makalasi ankayamba Lolemba. Pangano linali lakuti Dokotala atenge tchuthi chachitali adzakhale ndi amayi. Kenako kunabwera uthenga womuitana kukalankhula pamsonkhano waukulu wa akatswiri kunja, ndipo Dokotala, amene ankatha kukana tulo ndi chakudya, ulemu wokha sankatha kuukana. Anavomera. Ndiye lero anabwera kudzapempha kuti Mkulu akayambe mochedwerako pang'ono, ngati kuti sukulu ndi ya agogo ake.

Anapeza Mkulu kuseri kwa nyumba akuyanika nsalu zogonera za amayi. Mkulu anamukumbatira ndi manja onyowa, n'kuponya diso pa kachikwama kaja.

"Tandidikira, ndikaone amayi," anatero.

Anakhalitsako m'nyumbamo. Dokotala anamva mawu apansipansi pawindo, n'kuganiza kuti akucheza ndi wodwalayo. Mkulu atatuluka anapitiriza kuyanika ngati palibe kanthu.

Munthu wopalamula sayamba ndi nkhani imene wabwerera, amayamba wazungulira. Dokotala anayamba kukamba za ntchito yake.

"Tafotokoza, mwina lero ndimvako," anatero Mkulu, pegi yopanira zovala ili pakamwa. "Koma usandimize ndi mawu ako akuluakulu aja."

Apa Dokotala anapeza pothawira. Anatola pegi m'beseni.

"Chingwe ichi tinene kuti ndi DNA. Pegi iyi ndi puloteni. Siigwira paliponse ayi, ili ndi timalembo take timene imakonda. Ikagwira pamenepo, thupi limadziwa kuti apa pamere diso, apa mwendo. Chodabwitsa n'chakuti zambiri za ntchentche ndi za munthu zimakonda timalembo tomwetomweto, chikhalirecho makolo athu anasiyana kalekale."

"Ndiye zaka zonsezi wakhala ukulondera chinthu chosasuntha? Bola ukanakhala mlonda, amapatsako jekete."

"Zina zinasintha, ndiye nkhani yanga imeneyo!" Dokotala anaseka, n'kutola pegi yachiwiri, kuipanika pambali pa yoyamba. "Nthawi zina malangizo opangira puloteni amakopedwa kawiri mwangozi, pamakhala ziwiri zofanana ndendende. Imodzi imapitiriza ntchito yakale. Inayo ndiye imamasuka. Ikhoza kulakwitsa, kuyesa malo ena, kuphunzira timalembo tatsopano, nyama osafa, poti inzake ija yagwirizira."

Polankhula anakoka pegi yachiwiriyo, kuiyendetsa pachingwe mpaka kumapeto, kumene kunali dzuwa. Mawu amenewa anali atawanena kambirimbiri pamaso pa ophunzira, ndipo ankawanyadira. Lero ndiye anayamba kuwamva. Dzanja linangouma pachingwe pomwepo, manyazi akumutentha m'makutu.

Mkulu anakutumula chitenje cha amayi, osamuyang'ana.

"Nanga yotsalayo imasinthako?"

Dokotala akanatha kunama. Anali atakhala akunamiza mbale wake chitsikireni basi, ndi kumwetulira komwe. Koma pa za mapuloteni pakamwa pake sipankadziwa bodza.

"Ikasintha, nyamayo imafa kapena imabadwa yopunduka. Ndiye imangokhala choncho."

"Oho."

Panali njira inanso, ndipo ankaidziwa bwino: nthawi zina ziwirizo zimagawana ntchito yakale ija, iyi mbali ina, iyo mbali ina. Pokonza nkhani ya kumsonkhano, chigawo chimenechi anachichotsa, ati sichikoka anthu. Zinamupweteka tsopano kuti anachichotsa ndi dzanja lake lomwe, osamva kalikonse.

"Mkulu, ndinabwera kudzakupempha chinthu choipa," anatero. "Anandiitana kumsonkhano kunja, ndinavomera. Koma sindipitanso. Ndiwauza apeze wina. Mawa ndikatenga sutikesi, Lolemba iwe ukayambe."

Mkulu anapanika chitenjecho mbali zonse ziwiri, n'kupukuta manja pa siketi.

"Ndawaimbira kale a kusukulu."

"Liti?"

"Pomwe ndinalowa m'nyumba paja. Iwe, takulira mphasa imodzi. Munthu wodzakhala miyezi sabwera ndi kachikwama kotengera mswachi."

"Aimbirenso! Bweretsa foni ndilankhule nawo ine!"

"Ulankhule chiyani, Dokotala? Panali mtsikana wina amadikira kuti wina asiye malo. Amuitana ndili pafoni pomwepo. Ukufuna ndikamulande atauza kale amake? Ndikanadikira mpaka Lolemba, tikanataya tonse awiri, ine ndi mtsikanayo." Anatola beseni n'kuthira madzi otsala pamaluwa. "Pita kumsonkhano wako. Bola m'modzi wa ife akaoneke."

Akanamutukwana zikanakhala bwino. Akanamuponyera beseni lija, Dokotala akanapeza pogwira, mwina akanalira n'kupepukidwa. Koma Mkulu analankhula ngati akumuuza mtengo wa sopo, ndipo chimenecho n'chimene chinamupyoza.

M'nyumba munamveka kabelu kamene amayi ankaimbira akafuna thandizo. Dokotala anathamanga kuti ayambe ndiye kufika, achiteko kanthu kamodzi lero. M'chipindamo munkanunkhira mafuta opaka ndi sopo. Amayi anali atatsetserekera m'mphepete mwa bedi, phewa lakufa lija litapindikira pansi. Dokotala anagwada, n'kulowetsa manja kunsi kwa msana wawo.

Amayi anamuyang'ana nkhope, nkhope yomweyo imene amaiona tsiku lililonse, kenako anayang'ana m'mene wawagwirira.

"Wafika, mwanangu," anatero ndi lilime lolemera. "Koma ndisiye, undipweteka. Sudziwa pogwira. Kaitane mnzako."

Dokotala anachotsa manja ake pang'onopang'ono. Asanatsegule pakamwa, Mkulu anali atalowa kale, akupinda mikono ya bulauzi.