Chifoni Chachikasu

Ine kusukulu sindinapondeko, koma ndikudziwa kuti chinthu chikabwerekedwa ndi andale chimabwerako ndi mano. Mwana wanga, namwino uja, ndinamuchenjeza tsiku lomwe anabwera ndi chifoni chachikasu, chachikulu ngati mbale, chimodzi mwa mafoni amene boma linagawira anamwino. Anandiseka, amvekere amayi inu mumaopa ngakhale ketulo ikamawira.

Nthawi imeneyo matenda otsekula m'mimba anali atavuta mumzinda. Iye ankayenda khomo ndi khomo, akapeza wodwala n'kudina chifonicho, galimoto ya mankhwala n'kutulukira mumsewu mwathu. Ngakhale zipani zotukwanana pawailesi zija zinagwirizana pa chimenechi. Chisankho chitayandikira, akuluakulu anati m'malo mogula ena, mafoni omwewo akatumizire mavoti. Atawabweza ndinamuuza kuti chadetsedwa chimenecho, achisiye kuchipatala. Anati odwala sadikira ndale.

Zotsatira zitachedwa, mphekesera inawanda yoti mavoti akubedwa kudzera m'mafoni achikasu. Ndinali pawindo, monga mwa masiku onse, pamene ndinamuona akukhota pa wometa tsitsi, chikwama chili paphewa. Gulu linamutsekera njira. Onsewo ndinkawadziwa: wowotcherera zitsulo, wamakala, ngakhalenso mkazi wa telala, amene mwana wanga anamuika dilipi atatsala madzi amodzi.

Anamukoka tsitsi n'kumugwetsera m'ngalande. Wowotcherera uja anamumenya ndi chitsulo pamkono kuti asiye chikwama, ndipo kuthyoka kwa fupa ndinakumva ndili pakhomo. Iye osasiya. Anachifungatira ngati khanda, magazi ali chuchuchu m'mphuno, akungonena kuti muli odwala anu umu. Wina anali atayamba kale kugubuduza tayala, wina akufunsa amene ali ndi machesi.

Miyendo yangayi, imene imakana masitepe, inathamanga tsiku limenelo. Ndinagwada pambali pa mwana wanga, ndinamuluma dzanja lotsalalo, ine mayi wake, mpaka zala zinamasuka. Ndinasolola chifonicho, ndinachiika pamwala, ndinalanda chitsulo kwa wowotcherera uja n'kuyamba kuphwanya. Magalasi anandicheka pamasaya. Ndinachimenyabe mpaka matumbo ake anatuluka.

"Wakuba wanu uja ndi uyu, wafa," ndinatero. "Ndiye mukufuna kuwotcha ndani?"

Anayang'anizana. Watayala uja anati agogowa si ocheza nawo, ena n'kuseka, gulu lonse n'kulowera kumsika kukasaka wina.

Mwana wanga ali moyo. Mkono unapola mokhota, moti jakisoni amabaya movutikira. Kudzanja linalo kuli zipsera za mano anga, ndipo akamandipatsira madzi amalitembenuza dala kuti ndizione. Galimoto ya mankhwala sibweranso kuno, pakuti kwa amene amayang'ana pamakina kulikulu kuja, msewu wosatumiza uthenga ndi msewu wopanda odwala. Sabata yatha mkazi wa telala anaika m'manda mwana wake wamng'ono. Wanga anabwerako kumaliro maso ali psuu.

"Mukanandisiya, amayi," anatero madzulo ake.

Ndinamuyankha kuti phulusa silibaya jakisoni.

Tsopano ndikumva kuti boma latsopanoli libweretsa mafoni ena, obiriwira, ndipo lalumbira kuti sadzabwerekedwanso. Akale aja analumbiranso chimodzimodzi. Mwana wanga ndamuuza kale kuti chobiriwiracho chikadzangolowa pakhomo pano, chitsulo chija sindinabweze, chili kuseri kwa chitseko.